Kiyi ya Malemu Khuliwa

Sendezani mipando pafupi ndi mbaula, magetsi awa sabwera msanga, ndikuwadziwa. Ndipo iwe wagwira foni m'manjawe, taiika kaye m'thumba, chifukwa nkhani ino ndi ya anthu a mtundu wako, amene amati chilichonse cha pansi pano chimathera pa sikirini.

Tonsefe tinakula ndi lamulo limodzi: ukamva wina akukuitana panja kutada, iwe osamuona, usayankhe, ngakhale mawuwo akhale a mayi ako okubala. Lamulo limeneli timaphunzitsa ana. Chimene palibe anachiganizira n'choti makina nawo amaitana, ndipo makina satopa.

Feliya Alufandika ankalemba mapulogalamu a kompyuta pa kakampani kena ku Blantyre, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya matayala. Anali mayi wa mwana mmodzi, kamtsikana kotchedwa Sigele, kamene kankakhala ndi agogo ake kuchigwa, m'mphepete mwa mtsinje wa Nyakamba. Mwezi ukatha Feliya ankatsikirako ndi shuga ndi sopo, n'kubwerera Lolemba m'mawa maso ali ofiira.

Ntchito ya kampaniyo inali yochenjeza anthu za madzi osefukira. Pa mlatho wa Nyakamba panali kachipangizo koyeza madzi. Pulogalamu ya kampani inkakhala pa seva, kompyuta yaikulu ya lendi kunja kwa dziko, ndipo inkaitana kachipangizoko pa netiweki kufunsa kuti madzi afika pati. Akapitirira muyezo, inkamwaza uthenga m'mafoni a anthu a m'midzi kuti athawire kumtunda. Laputopu ya Feliya inali zenera chabe losuzumirira zimenezi. Ndiye mukuona, kwa ena mu ofesimo imeneyi inali ntchito ya malipiro, koma kwa Feliya pulogalamuyo ndi imene inkalondera mwana wake ali m'tulo.

Amene anailemba poyamba sanali iye ayi, anali Malizani Khuliwa. Dzinja lapitalo kachipangizo kanasiya kuyankha mvula ili pakati, ndipo mwini kampani, bambo Dzoole, anamukweza basi kuti akakakonze. Dzoole ameneyu anali munthu wa suti zonyezimira, wodziwa kusekerera azungu opereka thandizo, koma kompyuta ankaigwira ngati mphika wotentha. Malizani anadandaula kuti kumapiri kukugwa mvula, Dzoole anati amene akuopa madzi akagulitse tomato. Malizani anatsikira pansi pa mlatho dzuwa likuswa mtengo, madzi anabwera kuchokera kumapiri, ndipo anamutenga pamodzi ndi kachipangizoko ndi mzati wake womwe. Thupi silinapezeke. Abale anaika thunthu la nthochi m'manda monga mwa mwambo, anameta, zovala anagawana, dzina analisiya ligone.

Koma mu ofesi, kupatula jombo zake zakale, munatsala zinthu ziwiri: mpando wake, umene palibe ankafuna kukhalapo, ndi kiyi yake. Kiyi imeneyi si yachitsulo. Ndi zilembo zambirimbiri zomangiriridwa ku dzina la munthu, ndipo pulogalamu ikamagogoda kutali imayamba yadzitchula kaye: ndine Malizani Khuliwa, madzi afika pati? Palibe anaisintha. Dzoole anati chinthu chogwira ntchito sachigwiragwira.

Mitambo ya dzinja lotsatira itayamba kuunjikana, Feliya anayesa pulogalamuyo napeza kuti siikuyankhidwa, ngakhale pa mlatho panali pataikidwa kachipangizo katsopano. Inkaitana, kudikira pang'ono, kenako n'kulemba kuti nthawi yatha, kulibe yankho. Anayamba ndi zodziwikiratu. Anaimbira a netiweki kufunsa ngati kadi ya mu kachipangizo ili ndi bandulo, anati ili nayo yambiri. Anaona ngati chiphaso cha seva chatha ntchito, chinali chabwinobwino. Anazimitsa n'kuyatsanso, mankhwala aja a matenda onse, koma ayi ndithu. Masiku ankapita, kuchigwa kukutentha kotentha kuja kumene kumaitana mvula, ndipo Dzoole anali pakhosi pake.

"Tinakulemba ntchito chifukwa cha mapepala ako," ankatero ataima kumbuyo kwake, kununkhira kwa perefyumu kukumutsamwitsa. "Mnzako uja analibe digiri koma zinthu zinkayenda. Azungu akubwera kudzaona. Ikapanda kuyankha, ukachapa zovala za anthu olemera ku Nyambadwe."

Tsiku lina madzulo, mutu ukuwawa, Feliya anaona kuti Malizani anaika malire: pulogalamu iziitana kangapo, ikapanda kuyankhidwa ileke. Anthu a ntchitoyi amaika malire oterewa dala, ndipo Feliya ankadziwa zimenezo. Koma munthu wopanikizika amaiwala nzeru. Anafafaniza malirewo n'kulemba kuti: ukaitana osayankhidwa, itananso, usaleke. Anatseka laputopu napita kwawo ku Chilomoni. Usiku wonse, pamene anthu anali m'tulo, makina aja anali kuitana kumtsinje m'dzina la munthu wakufa, osapuma ndi pang'ono pomwe.

M'mawa mwake anapeza yankho lafika. Manambala a madzi anali pa sikirini, oyera bwino, ndipo Feliya anaomba m'manja yekha ngati mwana. Koma pansi pa nambala iliyonse panali mzere wofiira, wa m'Chingerezi cha makina, tanthauzo lake loti: kwa mwini dzina sikunayankhidwe.

Anafufuza mawu amenewo mu khodi, zolembedwa zonse za pulogalamuyo, sanawapeze. Sanachokere mu ofesi, anachokera mbali inayo. Analembera kampani imene inapanga kachipangizoko, ndipo anamuyankha mwaulemu kuti zipangizo zawo sizitumiza mawu otere, komanso kuti nambala ya chipangizo imene wawatumizirayo ndi ya chija anauzidwa kuti chinapita ndi madzi.

Apo m'pamene Feliya anayang'anitsitsa adiresi imene pulogalamu inkaitana. Inali yakale. Anaikapo ya kachipangizo katsopano, kamene Dzoole anajambulitsa nako zithunzi atavala chisoti, koma kunali zii. Anabwezerapo yakale ija, nambala inabwera nthawi yomweyo, ndi mzere wake wofiira pansi.

Analowa mu ofesi ya bwana osagogoda.

"Bwana, chipangizo chatsopano chija chili moyo?"

Dzoole anapitiriza kusonkhezera tiyi. "Akuba anachotsa sola ndi batire. Tigula."

"Liti?"

"Ukundifunsa ngati ndiwe mkazi wanga? Manambala akubwera kapena sakubwera?"

"Akubwera, koma akuchokera ku chija chinapita ndi a Khuliwa."

Supuni inaima m'kapu. Kenako Dzoole anaseka kuseka kouma. "Ndiye kuti chinakodwa m'bango penapake. Zinthu za azungu n'zolimba. Mwana wa sukulu ngati iwe ukufuna kundiuza za mizimu? Tuluka, ndipo nkhani ya sola ikangomveka panja, ndidziwa pakamwa pamene yatulukira."

Feliya anatuluka nakaimbira mayi ake, kuti aone ngati manambalawo anali oona. Iye anakulira komweko, ankadziwa kuti nambala yakuti ndiye kuti madzi ali pa mwala wochapira.

"Amayi, mtsinje uli pati lero?"

"Mwaswera bwanji kulibe? Mwana wako akutsokomola sabata yonse, iwe ukufunsa mtsinje. Unabereka mtsinje iwe?"

"Pepani amayi. Ndiuzeni chabe."

"Wakwirira mwala wochapira m'mawa uno. Kuno sikunagwe dontho, ndi za kumapiri zimenezo."

Zinagwirizana ndendende. Koma chinthu chokodwa m'bango kutali ndi mlatho, chopanda dzuwa chaka chathunthu, sichingadziwe za mwala wochapira.

Kuyambira pamenepo mu ofesi munayamba tinthu. Pansi pa mpando wa Malizani pankapezeka mchenga, wosalala uja wa mumtsinje, osati fumbi la m'tauni. Mayi wosesa anausesa kawiri, kachitatu anasiya tsache pakhomo n'kunena kuti apeze wina. Jombo zakale za Malizani, zimene zinakhala kuseri kwa chitseko chaka chonse, zinasowa, ndipo aliyense analoza mnzake. M'mawa wina Feliya anapeza kapu yake ili ndi madzi a matope mpaka m'milomo, ndipo analalatira mnyamata wa maakaunti mpaka anatsala pang'ono kugwirana malaya. Wogulitsa matayala pansi paja anakwera masitepe ndi chitsulo m'manja, nafunsa kuti ndani amakhuthula madzi pa masitepe m'mawa uliwonse, poti akutsikira pa katundu wake. Anthu anasiya kupatsana moni. Fungo la matope ndi bango lovunda linakhazikika m'chipindamo, ndipo Dzoole anagula mankhwala opopera, n'kumati ndi mapaipi.

Ndiye kunabwera mayi uja. Anafika masana, atavala chitenje chakuda chofwifwa, akukoka kamnyamata pa dzanja. Sanakhale pansi. Anali Etinala, mkazi wa malemu Khuliwa.

"Ndani akuitana mwamuna wanga muno?"

Onse anayang'ana pansi. Dzoole anatulukira pakhomo la ofesi yake. "Mayi, zanu tinamaliza kalekale. Muno ndi malo a ntchito."

"Inu khalani chete, a Dzoole. Munamutuma kumadzi, ndinakusiyirani Mulungu. Lero sindinabwerere inu." Maso ake anayenda m'chipindamo mpaka anaima pa Feliya, amene anakhala pafupi ndi mpando wopanda munthu uja. "Ndinu, eti? Mwatenga malo ake, mwaona kuti sizikukwana, mwatenganso dzina lake?"

"Mayi, ine ndimangokonza pulogalamu..."

"Tinaika nthochi, tinameta, munthu anagona. Ine ndinasamuka m'tauni muno, ndinabwerera kwathu ku Thyolo ndi ana. Chaka chonse kunali bata. Tsopano kukangoda, panja pamaima chinthu. Chimaitana ana anga mayina, ndi mawu a bambo awo. Sichikalipa ayi, chimaitana bwinobwino, kuleka pang'ono, kuyambanso, mpaka tambala. M'mawa pakhomo pamakhala chithaphwi." Anamukokera mwana uja kutsogolo. "Uyu ndimagona nditamumanga chitenje pakamwa. Dzulo anachimasula. Ndinamugwira atatsegula kale kukamwa. Ndinapita kwa abusa, ndinapita kwa anthu ena, onse akuti pali amene akumuitana kosalekeza kumene ankagwira ntchito. Muli ndi mwana, mayi inu?"

"Ndili naye."

"Ndiye Mulungu akuoneni."

Anatuluka osatsanzika. Kamnyamata kaja kanacheuka pakhomo, ndipo Feliya anaona mkwingwirima m'mbali mwa kamwa yake, momwe munkadutsa chitenje.

Dzoole anadikira kuti mapazi awo azilale pa masitepe. "Misala ya umasiye," anatero. "Aliyense wokhudza kiyi ija, kapena kuzimitsa chilichonse azungu asanabwere, atenge chikwama chake."

Feliya anabwerera pa laputopu yake. Mumtima mwake munali nkhondo. Akazimitsa pulogalamu, mwana wa Etinala apuma, koma Nyakamba akadzuka usiku palibe adzadzutse Sigele. Akaisiya, tsiku lina chitenje chidzamasuka. Khoswe anali atakhala pa mkhate. Ndipo ndikuuzeni zoona, Feliya sanali munthu woipa, koma masiku angapo anasankha mwana wake, n'kumadana ndi Etinala chifukwa chomuonetsa mkwingwirima uja.

Mvula yeniyeni inayamba Lachisanu m'mawa. Inagwa ya mtundu uja wosabangula, yongotsika ngati ikuthiridwa ndi ndowa, ndipo pofika masana misewu ya Blantyre inali mitsinje. Anthu a mu ofesi anathawa mmodzimmodzi minibasi zisanathe. Dzoole ananyamuka woyamba, akuti akatenge ana kusukulu. Feliya anatsala yekha ndi mpando uja, manambala akukwera pa sikirini, uliwonse ndi mzere wake wofiira.

Foni yake inalira, nambala yachilendo. Atayankha sanamve moni. Anamva mvula pa malata, ana akulira, ndi mawu a Etinala, osakalipa tsopano, ongotopa.

"Lero chayamba kusanade. Chili pa zenera. Manja anga ndi awiri, ana ndi atatu."

Foni inaduka.

Feliya anaika foniyo pa tebulo. Kenako nzeru inamubwerera, ya mtundu uja umaoneka wowala pamene munthu wathedwa. Vuto si kuitana, anaganiza, vuto ndi dzina. Pulogalamu ikufuna kiyi, koma siikusankha kuti ya ndani. Akapanga kiyi yatsopano m'dzina lake, mtsinje upitiriza kuyankha, ana a Khuliwa apuma, ndipo chinthucho chikafuna pogogoda chipite ku Chilomoni. Kumeneko amakhala yekha m'kachipinda ka lendi, ndipo lero sagonako n'komwe. Chikamupeza, iye ndi wamkulu, lamulo amalidziwa. Chiitane mpaka chisase mawu.

Anapanga kiyiyo. Anafafaniza ya Malizani, nanena chapansipansi kuti, "Pitani mukagone, achimwene." Anaika yake, n'kuyatsanso pulogalamu. Ndine Feliya Alufandika, madzi afika pati?

Kunali zii kwa kanthawi, mpaka anayamba kuopa kuti waononga zonse. Kumbuyo kwake mpando uja unalira pang'ono, monga umachitira mpando munthu akanyamukapo. Sanacheuke. Fungo la matope linayamba kuchepa. Kenako nambala inabwera, yaikulu kuposa zonse zimene anaonapo, itadumpha muyezo ndi patali, ndipo pulogalamu inachita ntchito yake: uthenga unamwazika m'mafoni a midzi ya kumtunda kwa mlatho, kuphatikizapo kwawo. Pansi pa nambalayo mzere wofiira unalipobe.

Anaimbira mayi ake nthawi yomweyo.

"Amayi, mwauona uthenga? Nyamukani, pitani kusukulu pa chitunda."

"Ndisiye mbuzi zanga chifukwa cha foni? Chaka chatha sinalire, madzi anabwera. Chaka chino yalira, mwina sabwera."

"Amayi, ndikukupemphani. Mbuzi ndidzagula zina. Berekani Sigele, nyamukani pompano!"

"Usandikalipire, sindine wantchito wako." Koma kumbuyo kwawo kunkamveka anthu akuitanizana, wina akuimba chitsulo cha pa tchalitchi, ndipo mayiwo anang'ung'udza kuti akupita, poti anzawo onse akupita.

Magetsi anathima. Intaneti ya mu ofesi inapita nawo limodzi, choncho Feliya analumikiza laputopu ku foni yake, kuti aziona kudzera pa bandulo yake. Netiweki inali yofooka ndi mvula, ya mtundu uja woti ukamalankhula pa foni intaneti imaima, ukadula imabwerera. Pulogalamu anaisiya ikuitana, chifukwa midzi ya kumunsi inali isanachenjezedwe, muyezo wawo unali patsogolo. Anakhala mumdima wa madzulo akuyang'ana manambala akukwera, mpaka uthenga wachiwiri unapita. Etinala anatumiza mawu awiri okha: chachoka, zikomo.

Feliya analira pamenepo, kulira kwa mpumulo. Anamvetsera ku masitepe, anamvetsera ku zenera, akudikira kuti chinthucho chibwere chimuyese. Kunalibe kanthu, mvula yokha. Anayamba kudzimva ngati munthu amene wapusitsa ng'ona, ndipo akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kunja kutangoda, foni inalira. Anali mayi ake, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo mawu awo anali ofewa.

"Tafika, mwanawe. Tili m'kalasi, tadzazana ngati nkhuku. Madzi alowa m'mudzi, akuti nyumba ya a Thomu yagwa. Foni yako ija yatithandiza, ndisaname."

"Sigele ali kuti?"

"Ali pompano, wanyowa koma ali bwino." Anaima pang'ono. "Koma iwenso ndiwe wovuta. Bwanji osanena kuti uli m'njira? Wadutsa pati ndi madzi amenewa?"

"Ndili m'njira bwanji, amayi? Ndili ku ofesi."

"Usandiseweretse. Ndiye amene akuitana mwana kumunsi kwa bwaloku ndani?"

Apo m'pamene mawu a Etinala anamubwerera Feliya, onse bwinobwino, mochedwa. Ndinasamuka, ndinabwerera kwathu ku Thyolo ndi ana. Chinthucho sichinapite ku nyumba imene Malizani ankachita lendi. Sichinkafuna nyumba. Chinapita kumene kunali ana ake.

"Amayi, si ine! Mugwireni! Mutsekeni pakamwa!"

"Ukuti chiyani? Mvula ikusokosa, sindikumva."

"Si ine ameneyo! Gwirani mwana!"

Ndipo kudzera mu foni yomweyo, kuseri kwa mvula ndi phokoso la anthu, Feliya anamva. Anali mawu ake enieni, osakalipa, oleza bwino, momwe amaitanira akatsika basi kumapeto kwa mwezi ndi jumbo ya shuga m'manja. Anatchula dzina la mwana, analeka pang'ono, anatchulanso.

"Sigele, khala pansi!" anamva mayi ake akukuwa. "Iwe Sigele! Tagwireni mwanayo, inu muli kukhomoko!"

Feliya anatembenukira ku laputopu kuti aphe pulogalamuyo, koma zenera lake linali litauma, chifukwa foni inali pa khutu. Kuti afike ku seva ija anayenera kudula mayi ake. Anaima pakati pa ziwirizi kwa kamphindi, akukuwa dzina la mwana wake mu foni, kenako anazindikira kuti nayenso akungoonjezera mawu omwewo, ndipo anadziluma lilime n'kudula.

Netiweki inabwerera mwaulesi. Kachizindikiro kanazungulira, kanazungulira. Feliya anali atalemba kale lamulo lozimitsa, chala chili pa batani, akupemphera mapemphero osamveka mutu. Zenera linatseguka, mizere yonse imene inatsalira inakhuthukira pa sikirini nthawi imodzi, nambala ndi mzere wofiira, nambala ndi mzere wofiira, kutsika mpaka pansi.

Wotsiriza sunali wofiira. Vuto limene analisaka masabata onse aja, limene linamusowetsa tulo ndi kumudanitsa ndi anthu, linali litatha lokha. Mzerewo unali wobiriwira, ndipo unati: kwa mwini dzina kwayankhidwa.

Anadina batani lija ndithu, pulogalamu inazima. Kenako anaimba foni ya mayi ake. Inalira nthawi yaitali, ndipo amene anayankha anali bambo wina wachilendo, akupuma mwabefu, amene anati mayiwo ataya foni pakhomo, ali kumunsi kwa bwalo ndi anthu a matochi.

"Inu ndinu ndani?" anafunsa bamboyo.

"Ndine mayi ake a mwanayo."

Bamboyo anati mwaukali, "Mayi, musasewere ndi anthu pa nthawi ngati ino. Mayi ake tawaona tonse. Ndi amene amugwira dzanja."

Tsopano sonkhezani makalawo, akuzima. Ndipo iwe, foni yako ikunjenjemera m'thumbamo kuyambira kale. Uyang'ane kaye amene akuimba.